Mafunso ndi mayankho: kukagwira kontrakiti ya miyezi yochepa kumadera otentha

Ine ndine wowotcherera zitsulo, ndimakhala ku Mufakose muno mu Harare. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza, anabwera pa Mthandizi, bungwe lija linkalemba anthu a ku Nyasaland kuti adzagwire ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya kuno. Potsanzika kumudzi anati abwerako pakatha zaka ziwiri, koma manda awo ali kuno. Ineyo ntchito ya manja yandifikitsa ku Tete, ku Beira ndi ku Kolwezi, miyezi itatu uku, miyezi 6 uko. Tikaweruka kutchalitchi, kapena usiku pamaliro tikuwotha moto, achinyamata amandikokera pambali: "Amalume, ndapeza kontrakiti ku Mozambique, ndipite?" Mafunso awo amakhala omwewomwewo, ndiye ndawasonkhanitsa pano. Sindikuletsa munthu kupita. Ndikufuna kuti wopitayo abwere ndi thupi lake, mapepala ake ndi ndalama zake.

Kodi kuno ku Zimbabwe si kotentha kale? Chachilendo chingakhale chiyani?

Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. N'chifukwa chake mu Juni timavala majuzi, ndipo ngakhale mu Okutobala usiku kumapita kamphepo. Mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi. Mukakwera basi ku Roadport m'mawa, mukangodutsa Mutoko n'kuyamba kutsetsereka kulowera ku Nyamapanda, mpweya wolowa pawindo umasanduka wa m'ng'anjo. Mu Okutobala ndi Novembala ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo usiku makoma amabweza moto wonse womwe anamwa masana. Ku Beira, Nacala ndi Pemba vuto ndi chinyontho: thukuta siliuma, malaya amakumatirirani tsiku lonse.

Ku Lubumbashi ndi Kolwezi n'kokwera ngati kuno, kutentha kwake si koopsa. Koma udzudzu wa malungo uliko wambiri. Musayeze malo ndi dzuwa lokha.

Ndingadziwe bwanji kuti ntchito yomwe ndaiona pa WhatsApp ndi yeniyeni?

Wolemba ntchito weniweni sakuuzani kuti mutumize ndalama pa EcoCash kuti dzina lanu lilowe m'kaundula, kapena kuti "malo atsala awiri okha, tumizani lero." Amakufunsani mafunso okhudza ntchitoyo, amafuna kuona satifiketi yanu, nthawi zambiri amakuyesani ndi manja. Ali ndi ofesi yomwe mungapite n'kukhala pampando. Lamulo la ntchito la dziko lino limafuna kuti makampani opezera anthu ntchito akhale olembetsedwa ku unduna wa zantchito, choncho musachite manyazi kupempha kuti akuonetseni chiphaso chawo.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kuposa zonse ndi kulankhula ndi munthu amene ali pamalopo panopa. Osati amene wakupatsani nambala yake ndi wolemba ntchitoyo, koma amene mwamupeza nokha kudzera kwa abale, kutchalitchi kapena kumzikiti. Mufunseni zinthu zitatu: malipiro amabwera tsiku lanji, amagona angati m'chipinda, ndipo wodwala womaliza anathandizidwa bwanji. Safunsa anadya phula.

Tisaiwale za mu 2016, pamene amayi ambiri a dziko lino anachita kukatengedwa ku Kuwait atanamizidwa kuti kuli ntchito zabwino, n'kukapezeka ali ngati akapolo m'nyumba za anthu. Zimbabwe ili ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu la mu 2014. Mukaona kuti zikununkha, kauzeni apolisi musanapereke pasipoti kwa wina aliyense.

Mu kontrakiti ndiyang'ane chiyani ndisanasaine?

Apa ndichedwapo, chifukwa misozi yambiri imachokera pa pepala limeneli.

Yambani ndi dzina la amene akukulembani. Pamgodi kapena pamalo omanga pamakhala kampani yaikulu yomwe dzina lake lili pachipata, pansi pake pali ina yopatsidwa gawo la ntchito, pansi pa imeneyo pali winanso wongobweretsa anthu. Ovolosi yanu ikhoza kukhala ndi dzina la kampani yaikulu, koma malipiro akachedwa adzakuuzani kuti sakudziwani. Amene ali ndi ngongole yanu ndi amene dzina lake lili pa kontrakiti.

Kenako ndalama. Zalembedwa m'madola a ku America, m'mametikali kapena m'mafalanga a ku Congo? Ngati zalembedwa m'madola koma azikupatsani m'ndalama za komweko, asintha pa mtengo wa tsiku liti, wa banki iti? Chiwerengero akukuuzanicho ndi cha msonkho utachotsedwa kale kapena usanachotsedwe? Anthu ambiri amanyamuka atawerengera kale malata ndi simenti, n'kukadabwa kumapeto kwa mwezi woyamba. Pemphani kuti akulembereni ndalama yeniyeni yomwe idzagwe m'manja mwanu, tsiku lolandira, komanso ngati idzalowa ku akaunti ya kuno kapena ya komweko.

Funsaninso za masiku amene ntchito yaima popanda chifukwa chanu. Pa kontrakiti ina zitsulo zinachedwa kudoko, tinakhala masiku 11 pakampu tikungosewera bawo. Kumapeto kwa mwezi masiku onsewo anatidula. Titadandaula, kapitawo anangotsegula pepala n'kuloza mzere womwe unkati timalipidwa pa tsiku lomwe tagwira. Tonse tinali titasaina. Kuyambira pamenepo mzere umenewo ndi umene ndimayamba kuusaka. Nyengo ya mvula, makamaka kugombe, masiku oterewa amachuluka.

Onaninso maola a tsiku ndi mtengo wa ovataimu, wa Lamlungu ndi wa masiku a tchuthi. Ngati ndi ntchito yosinthana, mwachitsanzo masabata 6 kuntchito ndi awiri kunyumba, masabata a kunyumbawo amalipidwa? Thiransipoti amalipira ndani? Tikiti yobwerera ikhale m'kontrakiti, ndipo zilembedwe kuti ilipobe ngakhale mutadwala, atakuchotsani, kapena ntchito itatha msanga. Malo ogona, chakudya, madzi akumwa, jombo, helemeti ndi magolovesi, zonsezi zidziwike ngati n'zaulere kapena azidula kumalipiro.

Chomaliza n'chovuta kuchitchula koma ndichitchula. Mukavulala kwambiri, akutengerani kuchipatala chiti, pa chiyani, ndipo alipira ndani? Mukamwalira, thupi lanu alibweretsa ndani? Ife amene timasonkha ndalama zamaliro m'magulu athu tikudziwa kulemera kwa kudutsitsa maliro pachipata. Ngati muli ndi polise ya maliro, pitani ku ofesi yawo mukafunse ngati imagwira ntchito munthu akafera kunja, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.

Ku Mozambique kontrakiti nthawi zambiri imakhala m'Chipwitikizi, ku Congo m'Chifalansa. Akakupatsaninso ya Chingerezi, funsani kuti pakabuka mkangano iti ndiyo idzagwire ntchito. Pezani wodziwa chilankhulocho akuwerengereni mzere ndi mzere. Tengani kope yanu yosainidwa mbali zonse, ina musiye kunyumba. Zimene bwana walonjeza pakamwa, muuzeni mwaulemu kuti azilembe.

Ndi mapepala ati ofunika?

Pasipoti yokhala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe, komanso masamba opanda kanthu okwanira. Ngati yanu yatsala pang'ono, yambani kukonza ina ku ofesi ya mapasipoti panopa, musadikire kuti akuitaneni. Amene muli ndi pasipoti ya Malawi, ofesi ya kazembe wa Malawi muno mu Harare ndiyo yokuunikirani, ndipo onetsetsani kuti mapepala anu okhalira mu Zimbabwe sathera muli kunja.

Makampani ambiri amafuna kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Imeneyi imafuna zidindo za zala ndipo imadutsa ku CID, siituluka tsiku lomwelo. Amafunanso satifiketi ya ntchito yanu, kalata ya dokotala, ndi zithunzi. Chitani mafotokope atatu a chilichonse, adindidwe, ndipo mujambulenso pafoni n'kutumizira munthu wina wa kunyumba.

Mawu apadera kwa ife ana ndi adzukulu a matchona. Ambiri mwa makolo athu anakhala zaka zambiri ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anavomereza kuti munthu wobadwira muno, amene kholo lake limodzi linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iyeyo ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Koma chitupa sichisintha chokha. Ngati chanu chikadali chakale, kachikonzeni kaye, chifukwa pasipoti imayambira pamenepo. Yang'ananinso kalembedwe ka dzina. Mayina athu achichewa analembedwa mosiyanasiyana m'maofesi, ndipo chilembo chimodzi chosiyana pakati pa satifiketi ndi pasipoti chingaimitse pemiti.

Akuti tingolowa ngati alendo, pemiti tikakonzera komweko. Pali vuto?

Lilipo, lalikulu. Chidindo chomwe amakupatsani pamalire, pa Cuchamano, pa Machipanda kapena pa Chirundu mukanena kuti mukukacheza n'cha kucheza basi. Kulowa popanda viza chifukwa ndinu wa SADC sikukupatsani ufulu wogwira ntchito. Oyendera a boma akafika pamalo a ntchito, wogwidwa ndi inuyo, ndipo pasipoti yodetsedwa ndi yanu. Choipa china n'chakuti munthu wopanda pemiti alibe kokadandaula akamubera malipiro, ndipo mabwana ena amadziwa zimenezi bwino lomwe.

Mayiko amenewa ali ndi zilolezo za ntchito ya nthawi yochepa, ndipo wozipempha ndi kampani. Muone kope yake musananyamuke, muwerenge dzina lanu ndi tsiku lomwe chithere. Ngati a ofesi akufuna pasipoti yanu kuti akadinditse, akupatseni kapepala kosonyeza kuti aitenga ndi tsiku lobweza. Pasipoti si yosungitsa kwa bwana.

Ife magazi athu ndi a ku Malawi. Malungo angatigwire ngati azungu?

Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri, ndipo ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri. Kulimba kumene anthu a ku Nsanje kapena ku Nkhotakota amakhala nako si kobadwa nako. Kumabwera chifukwa cholumidwa ndi kudwala kambirimbiri kuyambira ali ana, ndipo munthu akachoka kumalo a malungo kwa nthawi yaitali kumachepa. Iwe wobadwira ku Mbare, Mabvuku kapena Dzivarasekwa, kumene malungo safala, thupi lako siliwadziwa. Mtundu wa malungo wofala m'madera onse omwe mukupitawa ndi uja woopsa, umene ungafike kuubongo m'masiku ochepa.

Pitani kwa dokotala kapena kufamase kukadali masabata angapo. Mankhwala oteteza odziwika ndi atatu. Doxycycline amamwa tsiku lililonse, kuyamba tsiku limodzi kapena awiri musanafike, n'kupitiriza masabata anayi mutabwerako. Ndi wotsika mtengo, koma amafuna madzi ambiri ndi chakudya, osamwa mukukagona, ndipo amachititsa kuti khungu lipse msanga ndi dzuwa. Malarone amamwanso tsiku lililonse, n'kupitiriza masiku 7 okha mutabwerako, koma ndi wodula. Mefloquine amamwa kamodzi pa sabata, kuyamba masabata awiri kapena atatu musananyamuke, koma sayenera munthu amene anadwalapo matenda a maganizo kapena khunyu. Dokotala ndiye akusankhireni.

Mankhwala okha sakwanira. Nyamulani neti yanu yonyikidwa m'mankhwala, ndi chingwe ndi misomali yoimangira, chifukwa pakampu mukhoza kupeza yobooka. Udzudzu wa malungo umaluma kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha, nthawi yomwe anyamata amakonda kukhala panja atavula malaya. Valani za manja aatali, dzolani mafuta othamangitsa udzudzu m'mapazi ndi m'khosi. Ogwira shifiti ya usiku, izi ndi zanu kawiri.

Ndinene zomwe zinandichitikira. Ndinabwera kuchokera ku Tete mu Disembala ndili bwinobwino, ndipo mapiritsi ndinawasiya tsiku lomwe ndinatsika basi. Patatha masiku 9 mutu unayamba, kenako kuphwanya m'thupi. Ndinati ndi chimfine cha mvula, ndinamwa panado. Usiku wachitatu ndinkanjenjemera mpaka bedi kugwedera, mano akugundana, nditafunda mabulangete atatu. Mayi akunyumba anati, "Bambo, dzukani, sindikufuna kumva zambiri." Kukiliniki anayamba kundifunsa za chifuwa, chifukwa munthu wa ku Mufakose saganiziridwa malungo. Ndi mayiwo amene anati, "Anesi, abambowa abwera kumene kuchokera ku Tete." Anandibaya pachala, patapita mphindi zochepa mizere iwiri inaoneka. Ndinagona m'chipatala masiku anayi. Mwana wanga wamng'ono ankaima pakhomo la wodi akuopa kuyandikira.

Malungo amayamba kuonekera patatha masiku 7 kapena kuposerapo chilumidwire. Thupi likatentha, kaya muli konko kaya mwabwerako, kayezetseni tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba kwa anesi akhale akuti mwachokera kuti. Akakupatsani Coartem, amene kumudzi amati LA, malizani masiku atatu onse ngakhale mutamva bwino.

Nanga kakhadi kachikasu kaja?

Ndi umboni wa katemera wa yellow fever. Ku Congo ndi ku Angola simulowa popanda iko. Kamayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayidwire, ndiye musabayitse dzulo la ulendo. Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO linanena kuti katemera mmodzi ndi wa moyo wonse. Musagule khadi lachinyengo pamsewu. Lingakudutsitseni pachipata, koma matendawo alibe mankhwala ochiza. Amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika kwambiri ayambe alankhula ndi dokotala. Muli komweko funsaninso za katemera wa kafumbata, wa typhoid ndi wa matenda a chiwindi.

Kutenthako ndingakupirire bwanji ndikugwira ntchito yolemetsa?

Thupi limafuna sabata imodzi kapena awiri kuti lizolowere. Ngozi zambiri zimachitika masiku oyambirira, pamene mnyamata watsopano akufuna kuonetsa kapitawo kuti ndi wamphamvu. Dekhani. Imwani kapu imodzi ya madzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, musadikire ludzu, komanso musagugudize malita ambiri nthawi imodzi. Mkodzo ndiwo sikelo yanu: ukakhala wofiirira ngati tiyi, madzi achepa. Idyani chakudya chokhala ndi mchere, chifukwa thukuta limatulutsa mchere, ndipo ukatha minofu imayamba kukokana. Mowa wa usiku umakulowetsani pantchito muli ouma kale.

Yang'anirani mnzanu. Akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira, kukwiya popanda chifukwa kapena kukomoka, imeneyo ndi ngozi ya imfa. Mugonekeni pamthunzi, muvuleni ovolosi, muthireni madzi thupi lonse, mukupizeni, wina athamangire galimoto. Wosadziwa kanthu musamumwetse madzi.

Ife owotcherera timavala chikumba pamwamba pa ovolosi, moto kutsogolo, dzuwa kumsana. Ku Tete chitsulo chosiyidwa padzuwa chimawotcha dzanja musanachiyandikize n'komwe ku moto. Tinkapempha kuyamba mdima usanathe kuti ntchito yolemera ithe dzuwa lisanafike paliwombo. Kapitawo wanzeru amavomera.

Madzi ndi chakudya?

Ife a mu Harare kolera timaidziwa, ya mu 2008 komanso ya mu 2018 yomwe inavuta ku Glen View ndi Budiriro. Malamulo ake ndi omwewo: madzi owiritsa, othira mankhwala kapena a m'botolo lotseka, chakudya chotentha, kusamba m'manja ndi sopo. Mukatsegula m'mimba sungunulani paketi ya ORS. Ngati palibe, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Mukaona magazi, kapena chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, thamangirani kuchipatala.

Nsima mukaipeza kulikonse. Ku Mozambique amati xima, ndipo nsomba za ku Zambezi ndi Cahora Bassa n'zokoma. Koma mtsinjewo musasambemo, ngakhale kutenthe bwanji. Muli ng'ona, mvuu ndi likodzo. Zovala zoyanika panja muzisite zonse, ndi zamkati zomwe, chifukwa ntchentche ina imaikira mazira pa nsalu yonyowa ndipo mphutsi yake imalowa pakhungu. Galu akakulumani tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, n'kupita kukabayitsa katemera wa chiwewe tsiku lomwelo.

Ndimamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Ndingapite?

Ambiri amapita. Kaya ndi ma ARV, a BP kapena a shuga, fotokozani kukiliniki kwanu kuti mukuchoka miyezi ingati kuti akupatseni okwanira ndi otsalirako. Tengani kalata ya dokotala ndi khadi lanu. Mankhwala akhale m'mabotolo awo, m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita pansi pa basi. Musawasiye pawindo kapena m'galimoto yotseka. Wa shuga wobaya jakisoni afunsiretu ngati pakampu pali firiji ndi magetsi odalirika. Auzeninso adokotala za mankhwala anu asanakusankhireni oteteza malungo.

Ndalama ndizitumiza bwanji, nanga ndizisunga bwanji?

Musananyamuke funsani ngati Mukuru, Western Union kapena banki yanu ikutumiza kuchokera kudziko mukupitalo kubwera kuno, ndi mtengo wake. Ngati kampani ingathe kulipira ku akaunti yanu ya nostro, ija ya ndalama zakunja, ndi bwino, koma funsani kubanki zomwe amadula komanso ngati banja lidzalandira madola kapena ZiG. Za tsiku ndi tsiku, ku Mozambique anthu amagwiritsa ntchito M-Pesa ndi e-Mola. Gulani simu ya komweko, muilembetse ndi pasipoti yanu. Ya kuno musaitaye, chifukwa mauthenga a kubanki amabwera pamenepo. Osintha ndalama apachipata ali ndi manja othamanga. Sinthani zochepa zokwanira ulendo, muwerenge nokha kawiri musanapereke zanu.

Ndalama za kontrakiti zimaoneka zambiri chifukwa zimabwera pamodzi. Koma za miyezi inayi zimayenera kudyetsa banja mpaka ntchito ina ipezeke, ndipo imeneyo ingachedwe theka la chaka. Khalani pansi ndi akazi anu kapena amuna anu musananyamuke, mugwirizane: izi za lendi, izi za fizi, izi zosakhudza. Fizi ilipiridwe kusukulu mwachindunji. Abale adzamva kuti muli kunja ndipo foni idzalira, ena ndi mavuto enieni. Patulirenitu gawo lawo kuti muthandize popanda kugwetsa nyumba yanu. Ine kontrakiti yanga yachiwiri ndinagula makina owotcherera ndi jenereta yaing'ono, ndipo ndi zimene zimatidyetsa ndikakhala pakhomo, mageti ndi mawindo a anthu a m'dera lathu. Mapepala a malipiro sungani onse, ndi umboni wanu pa nkhani ya msonkho.

Chilankhulo sichindivuta?

Kuchigawo cha Tete muli ndi mwayi. Ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Zóbuè anthu amalankhula Chichewa, ndipo Chinyungwe cha mumzinda wa Tete mudzachimva msanga, makamaka inu odziwanso Chishona. Ku Beira kuli Chisena ndi Chindau. Komabe ofesi, polisi ndi chipatala zimayenda m'Chipwitikizi, choncho phunzirani moni, manambala, ndi mawu onena pamene pakupweteka. Ku Kolwezi ndi Lubumbashi ndi Chiswahili ndi Chifalansa, ndipo kumeneko galimoto zimayenda kudzanja lamanja, muziyang'ana mbali zonse podutsa msewu.

Eni dera ena amaona ngati mwawalanda ntchito, ndipo nthawi zina mnzanu wa komweko amalandira zochepa pa ntchito yomweyo. Musadzitame ndi malipiro. Mulonjereni, idyani naye, muphunzitseni zomwe mukudziwa. Mawa mukadwala usiku ndi iyeyo amene adziwe khomo la anesi. Ukayenda siya phazi.

Kuli mtendere?

Zimatengera malo. Kumpoto kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, zigawenga zakhala zikuukira kuyambira mu Okutobala 2017. Mu Malichi 2021 zinalowa m'tauni ya Palma, anthu ambiri anafa kuphatikizapo ogwira ntchito ochokera kunja, ndipo kampani ya TotalEnergies inaimitsa ntchito ya gasi ku Afungi. Kum'mawa kwa Congo, ku Goma ndi madera a Kivu, kuli nkhondo, ngakhale kuti Kolwezi ili kutali kwambiri ndi kumeneko. Akakuitanani kumalo otere funsani kuti zikavuta akutulutsani bwanji, ndipo anthu a kampani yaing'ono ngati yanu ali pa mndandanda wa otulutsidwa kapena ayi.

Kugombe kuli anamondwe, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Idai anaphwanya Beira mu Malichi 2019 asanafike ku Chimanimani, ndipo Freddy mu 2023 anasiya maliro ku Mozambique ndi kummwera kwa Malawi. Dziwani malo okwera omwe mungathawire. Kulikonse yendani ndi fotokope yodindidwa ya pasipoti ndi pemiti, musajambule milatho, asilikali kapena nyumba za boma, ndipo ndale za eni ake muzisiye.

Ndine mayi, andiitana kukaphika pakampu. Pali chapadera?

Zonse zili pamwambazi ndi zanunso, achemwali. Onjezani izi: chipinda chokhala ndi loko wa mkati, bafa la amayi okha, ndi dzina la munthu amene mungakadandaule kwa iye wina akakuvutitsani, amene si kapitawo wanu yemweyo. Funsani kuti pakampupo pali amayi angati, mulankhule ndi mmodzi. Ngati ntchito ndi ya m'nyumba ya munthu, chenjerani kawiri, ndipo foni ndi pasipoti zisachoke m'manja mwanu. Woyembekezera malungo amamuvuta koposa, ndipo doxycycline si wake.

Banja nditani nalo?

Siyani kunyumba dzina la kampani, malo enieni a kampu, nambala ya ofesi ndi ya mnzanu mmodzi. Sankhani tsiku ndi ola loimbirana, kuti likadutsa osamveka adziwe kuti ayambe kufunsa. Lankhulani ndi ana, osati kungofunsa ngati ndalama zafika.

Ndinenenso poyera, pakampu pali kusungulumwa, ndalama m'thumba ndi mabala pafupi. Ndaona amuna abwinobwino akubwera ndi matenda, ena osabwera n'komwe chifukwa ayamba banja lina. Agogo athu ambiri anatchona motero, pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi. Kudzisunga ndiye kwabwino. Mukalephera, kondomu. Zikachitika mosadziteteza, mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Mukabwera kayezetseni musanalowe m'nyumba ngati kale.

Akandipempha kuwonjezera miyezi, kapena kontrakiti ikatha, ndichite chiyani?

Kuwonjezera kukhale kolembedwa, ndipo pemiti iwonjezedwe tsiku lake lisanakwane. Werengani mapiritsi otsala. Imbirani kunyumba musanavomere, chifukwa nawonso akuwerenga masiku.

Pochoka, musakwere basi ndi lonjezo lakuti zotsala adzatumiza. Malipiro omaliza, ovataimu ndi masiku a tchuthi ziwerengedwe muli pomwepo, mulandire pepala lake. Bwezani zida za kampani ndipo akusainireni kuti mwabweza. Pemphani kalata ya umboni yokhala ndi chidindo, yonena ntchito yomwe munkagwira ndi masiku ake. Pachipata onetsetsani kuti pasipoti yadindidwa potuluka.

Mukafika, pitirizani mankhwala a malungo mpaka masiku ake akwane. Thupi likatentha, ngakhale patapita miyezi, nenani kuchipatala komwe munali. Ngati munalowapo mumtsinje kapena m'dambo, kayezetseni likodzo pakatha miyezi iwiri kapena itatu, mankhwala ake ndi praziquantel. Nambala ya kapitawo ndi za anzanu awiri kapena atatu zilembeni m'kabuku, osati m'foni mokha. Kontrakiti yanga ya ku Kolwezi inabwera kudzera mwa mnzanga wina amene tinkagona chipinda chimodzi ku Tete, ndipo foni yomwe munali nambala yake inali itagwera m'madzi kalekale.